Usatsegule Chipata cha Tsala

Kepitawuni, 21 Julayi

Alida, mkazi wanga,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye amene atisunga mpaka lero. Ine kuno ndili bwino, kupatula chifuwa chomwe chija cha nyengo yozizira, koma sichinandigoneke. Kaya iwe ndi Rachel wathu, kaya amalume ako Oom Gawie ndi bondo lawo lija.

Kalata yako ndinailandira Lachiwiri, ndipo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindamo. Zaka zonsezi takhala tikupempherera mitambo pa Rooiklip, ndiye itabwera yakhuthukira pa tsala la malemu atate ako pokha. Wati kuseri kwa phiri kunangowaza, nthaka ili gwa, koma mkati mwa waya mwabiriwira ndipo tamera tayamba kale kuika timitu. Ndinagwada m'galaja momwemo kuthokoza.

Tsono imva nkhani yanga. Ukudziwa kuti ntchito yoyendetsa galimoto ya adona a Fourie ndikungogwirizira, mwini wake akachira mwendo ine basi. Adonawa amajambula zithunzi za maluwa n'kumagulitsa kwa opanga makalendala. Mwezi wamawa tinyamuka kubwera chakwathuko kudzasaka maluwa, koma akudandaula kuti chaka chino chipululu chagona. Dzulo ndikutsuka galimoto, pakamwa panga panangotseguka pokha.

"Adona, kwathu mvula yagwa."

Anaika kapu pansi. "Kwanu kuti, Josias?"

Ndinawauza za tsalalo, mmene linkayakira ndi maluwa tili ana, kuyambira pachipata mpaka pamiyala, munthu osaona pansi. Nditamaliza anati, "Ngati zili choncho, iwe ndiwe munthu wofunika kumusunga."

Kumusunga, Alida. Mawu amenewo ndawanyamula kulikonse kuyambira dzulo. Rachel chaka chamawa akufunika kupita kusukulu yogonera ku Springbok, ndipo ntchito yokhazikika ingatitule katundu ameneyo.

Ndiye pempho langa ndi ili: usatsegule chipata cha tsala mpaka tifike. Mbuzi zikangolowa, tsiku limodzi lokha sipatsala duwa. Ndikudziwa kuti mbuzizo n'zako, ndi chuma chokha chimene atate ako anakusiyira, ndiponso zambiri zili ndi bere ndipo zaonda. Koma ndi masabata ochepa chabe. Zidye kunja monga zakhala zikudyera. Ndatumiza marandi makumi asanu ndi atatu kudzera kwa mwana wa Antie Bet, ugule udzu wa m'mabelo lole ikamapita ku Garies. Akuti wakwera mtengo, gula umene ungakwane. Shuga ndibweretsa ndekha, kuno ndi wotchipirako.

Uwauze a m'kwaya kuti sindinaiwale mawu anga a besi.

Mwamuna wako,
Josias

Springbok, 9 Ogasiti

Alida wanga,

Moni wachikondi. Ndili moyo, Mulungu alemekezeke, ndipo chifuwa chaphwa ndi mpweya wouma wa kwathu kuno. Ndikugona m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya alendo. M'mawa ndikatuluka ndimayang'ana kum'mwera kumene muli, n'kumadabwa kuti munthu angayandikire kwawo chonchi koma osafika.

Ntchito yake ndi yoseketsa. Ife tinakula tikuwaponda maluwawa popita kusukulu, sindinkadziwa kuti munthu angawasake ngati mbuzi yosochera. Kulawirira kulibe phindu, chifukwa dzuwa lisanatenthe satsegula. Likatentha timathamangira kumpoto osaima, kenako n'kutembenuka kubwerera pang'onopang'ono dzuwa lili kumsana, poti maluwa onse amayang'ana dzuwa. Tsiku loyamba ndinaimika galimoto mbali inayo, ndinati pano palibe kanthu. Adona anaseka. "Akakufulatira, Josias, si mlandu wawo. Ndiwe waima kolakwika." Titazungulira, malo omwewo anali achikasu.

Koma n'zoona, chaka chino n'zigamba zokhazokha. Tikapeza kamalo kofanana ndi mkeka, adona amagona chafufumimba m'fumbi, munthu wa imvi zake, ine n'kugwira katoni kutchinga mphepo kuti duwa lisagwedezeke. Wothira petulo pano anandifunsa, "Achimwene, mwataya chiyani m'tchiremu? Tsiku lililonse mawondo ali mbuu." Ndinati tikusaka maluwa. Iye, "Chaka chino? Pitani kumanda, kuli a pulasitiki, amenewo satseka n'komwe."

Kalata yako ndinaipeza kupositi. Wati udzu uja watha kale. Wati mbuzi zimaima pawaya kuyambira m'mawa zikulira, ndipo Bles, mbuzi yaikulu ija imene atate ako ankaikama okha, yasupuka pakhosi poyesa kulowetsa mutu. Wandifunsa kuti kodi ndikutsimikiza. Sunadandaule, wangofunsa, ndipo kufunsako kwandilemera kuposa kukalipa.

Pali chinthu chimene ndiyenera kukuuza, chifukwa chikanditsekereza popemphera. Adona anandifunsa m'njira kuti, "Tsalalo ndi la ndani? Ziweto sizidyamo?" Ndinati ndi langa, ndipo palibe chiweto chimene chikulifuna. Sindikudziwa chimene chinandilowa. Mwina ndinkafuna kuti kamodzi kokha ndioneke ngati munthu wokhala ndi chinthu choonetsa. Ndi bodza, ndipo ndalivomera pamaso pa Ambuye. Pamaso pa adona sindinalivomere.

Ndinkayesa kuti tifika sabata ino. Koma akuti maluwa a kumapiri amachedwa, ndiye tiyamba tatsikira kunyanja, kwathu tidzamalizira. Pirira pang'ono. Uzizikusira kuchigwa cha kumadzulo, mwina kumeneko kwaphukako. Ungosamala nenta, chitsamba chakupha chija, mbuzi yanjala sisankha.

Rachel asasiye masamu.

Wako,
Josias

Garies, 24 Ogasiti

Alida,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli ndi mphamvu. Ine thupi lili bwino. Ndikulemba mothamanga, nditatsamira galimoto, kuti Oom Gawie ainyamule.

Inde, ndakumana nawo pano. Tinaima kuti adona atumize mafilimu ku Kepitawuni, ine ndikutuluka m'sitolo ndinangomva kumbuyo, "Taonani mkamwini wathu, mlimi wa maluwa."

Ndinavula chipewa. "Oom, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino kuposa mbuzi za mkazi wako. Jekete limeneli n'lantchito? Lakukhala. Ukafika upite nalo kukhola, mwina zikaliona zikhuta."

Anthu a pakhonde anaseka. Ine ndinaseka nawo, nanga ndikanatani.

Kenako anandikokera pambali, nthabwala zitatha. Akuti mbuzi ziwiri zapoloza. Akuti Rooiklip yonse ikukamba za ife, kuti mkazi wa Josias akudyetsa mbuzi miyala pomwe msipu uli m'waya kufika m'mawondo. Akuti Lamulungu Antie Bet anakufunsa pakhomo la tchalitchi ngati tayamba kupembedza maluwa, ndipo iwe unayankha kuti, "Mwamuna wanga wapempha." Zimenezi sunandilembere, Alida.

"Ine ndinamuuza mkazi wako kuti ndidula waya ndekha," anatero Oom Gawie. "Wandikaniza. Mwana wa mlamu wanga ali ndi mutu wa bulu, koma iwe uli ndi mutu wa kalendala."

Ndinawafunsa mmene tsala likuonekera. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndinafunsa. Anandiyang'ana, n'kulavulira fodya pansi.

"Likuoneka ngati Mulungu anagwetsa nyali. Chibadwire sindinalione choncho. N'chifukwa chake ndikufuna kukumenya."

Nthawi yomweyo adona anatulukira. Oom Gawie anakweza chipewa mwaulemu wonse, ine ndimvekere lero bodza langa lathera pano. Adona anawafunsa ngati kumapiri kwayamba. Iwo anati, "Kwayamba, adona, koma kuli ena ambiri amene akudikira pamzere." Adona anayesa kuti akunena alendo a m'mabasi, osati mbuzi za pawaya. Imeneyo inali nthawi yanga yoyankhula. Msewu wokwera kwathu unali pomwepo, ndikuuona. Ndinangotsegula chitseko cha galimoto.

Adona alandira uthenga woti ku Nieuwoudtville kwaphulika maluwa ndipo sakhalitsa, ndiye tikupita kumeneko kaye. Akuti sabata imodzi. Ndawapatsa Oom Gawie zonse zimene zinali m'thumba kuti agule udzu, ndi belo limodzi ndi theka basi. Za bere ndi zimene uyambe kupatsa. Shuga ali m'pepala la bulawuni, maswiti ndi a Rachel.

Tapirira kale kwambiri, tikatsegula tsopano ndiye kuti ziwiri zija zapoloza pachabe. Umu ndi mmene ndikuganizira. Sindikudziwa ngati kuli kuganiza kwabwino.

Undipempherere.

Josias

Nieuwoudtville, 3 Seputembala

Mkazi wanga wokondedwa,

Moni. Ine ndili bwino. Za iwe sindikudziwa, chifukwa kupositi kuno ndapitako mpaka mayi wa pakauntala amangopukusa mutu ndisanafike.

Sabata ija yakula. Titafika kunachita mitambo, ndipo kukakhala mitambo maluwa amangokhala chitsekere tsiku lonse. Tinkakhala m'galimoto kuyang'ana kumwamba, adona akudya mabisiketi, ine ndikupempherera dzuwa. Ndinadzigwira ndikutero, ndinachita mantha. Ine wa ku Rooiklip, kupempha kuti mitambo ichoke.

Dzana kunayera. Alida, sindinama, n'zokongola. Tinalowa pafamu ya mzungu wina, dambo lonse loyera ndi lachikasu, tina tofiirira tobisala pansi toti uyenera kugwada kuti utione. Adona anajambula mpaka mafilimu anatha, akuimba chamumtima. Si munthu woipa. Anandiitana kuti ndisuzumire m'kamera, ndinaona kaduwa kamodzi kali ndi kachikumbu kogona pakati, kathupi konse kali ndi ufa wachikasu. Ndinaganiza kuti Iye amene anatenga nthawi kupanga kanthu kotere, koti mawa kafota, sangakhale wouma mtima. Kenako ndinaganiza kuti ndi Yemweyo anapanga Bles.

Mwini famuyo amatsekera nkhosa kunja nyengo ya maluwa, alendo n'kumalipira pachipata. Ndinamufunsa wogwira ntchito wake kuti nanga nkhosa zimadya kuti. Anaseka. "Abwana ali ndi misasa ina isanu ya msipu, achimwene. Uwu ndi wongosewerera." Ine ndatengera masewera a munthu wa misasa yambiri, pomwe kwathu msasa ndi umodzi, ndiponso si wanga.

Lamulungu ndinapita kutchalitchi cha kulokeshoni. Kunali Mgonero. Mbale itafika pa ine ndinaidutsitsa. Mkulu wa mpingo anandifunsa potuluka ngati ndili pachilango kwathu. Ndinati ayi, abusa sakudziwa kanthu.

Adona akuti Lachinayi la sabata yamawa tikhala tili kwathu, atsimikiza. Ngati zavutitsitsa, mwina ungalowetse za bere zokha kungodya ya kumiyala, uzigwire pachingwe, kumene sikuoneka munthu akaima pachipata. Kapena udikire. Sindikudziwa. Iwe ndi amene uli pafupi.

Ndilembere ngakhale mzere umodzi, ngakhale wokalipa.

Mwamuna wako,
Josias

Nieuwoudtville, 8 Seputembala

Alida,

Moni. Oom Gawie aimba foni kuno kunyumba ya alendo, kuchokera kusitolo. Anena mawu ochepa. Bles yadya nenta, yagona chokhwinyata, siidzuka.

Tsegula chipata. Tsegula lero lomwe, zilowe zonse, za bere ndi zopanda bere. Ndinafuna kuwauza Oom Gawie pafoni pomwepo koma anali atadula kale, ndipo nditaimbanso anati achoka. Kalatayi ndampatsa dalaivala wa lole ya mkate, wandilonjeza kuti aisiya ku Garies mawa.

Mphepo yotentha ya kum'mawa yayamba kuno kuyambira dzulo. Dambo lija ndinakuuza lapsa kale m'mbali. Ikakwera kwathu, maluwa amene ndakhala ndikusungira kamera sapezeka ndi kamera kapena mbuzi.

Adona sindinawauze. Ulendo uli pomwepo, Lachinayi masana. Ndiyesa kuwauza m'njira.

Ndikhululukire.

Josias

Kepitawuni, 27 Seputembala

Alida, mkazi wanga,

Ndikupatsa moni, iwe ndi Rachel ndi Oom Gawie. Tinafika bwino. Chifuwa chabwerera, koma ndi chaching'ono.

Ndachedwa kulemba chifukwa sindinkadziwa poyambira. Tsiku lija ndinakhala pakhomo panga maola ochepa ngati mlendo, nditanyamula miyendo ya kamera, ndipo zimene ndinayenera kunena sindinanene. Ndiye ndizinene pano.

M'njira sindinawauze adona. Pokwera phiri lonse lija ndinkati ndikadutsa khona ili, ndikadutsa mwala uwo. Tinangofika pachipata. Chinali pululu, mbuzi zili mkati, mitu pansi, milomo yachikasu. Tsala lonse linali zitsinde. Adona anatsika, anayenda pang'ono, n'kutola duwa limodzi lopondedwa.

Oom Gawie anandinong'oneza kuti unatsegula Loweruka, Bles itangogwa, kalata yanga isanalembedwe n'komwe. Ndinamva zinthu ziwiri pamodzi, ndipo ndiulula zonse. Choyamba chinali kuwawa kuti sunandidikire. Chachiwiri, chimene chatsala mpaka lero, ndi kuthokoza. Ukanadikira chilolezo changa tikanakwirira zambiri.

Unatuluka utavala diresi la kutchalitchi, unawayalira adona mpando, unaika buledi wowotcha pamakala ndi khofi. Ine sunandiyang'ane. Ndikumva mawu ako mpaka pano.

"Pepani adona, khofi ndi wakuda. Mkaka kulibe. Mbuzi zinali kudikira chithunzi."

Adona anayang'ana iwe, anayang'ana chikopa cha Bles chili chokhomedwa pansi kuseri kwa khitchini, kenako ine.

"Josias, unati palibe ziweto."

"Ndinanama, adona."

"Ndipo tsalali?"

"Ndi la mkazi wanga."

Oom Gawie anati, "Jekete lokha ndi lake, adona. Kapena nalonso ndi lanu?" Palibe anaseka.

Pobwerera tinaima ku Garies. Kumeneko adona anati, "Ukanandiuza tsiku tinakumana ndi amalume aja, tikanakwera tsiku lomwelo. Unali ulendo wa ola limodzi." Zimenezi ndi zimene zikundidya, Alida. Panalibe amene anandikakamiza. Ndinangoopa kuoneka wamng'ono. Bles yafa, ana a mbuzi amene anayenera kukhala akudumpha m'khola mwezi uno anatayika m'mimba, zonsezo kuti ine ndisanene mawu awiri.

Udzu umene wabwera ndi lole anagula ndi adona, sanandidule pamalipiro. Ngati mtima wako sukufuna kuulandira ndikumvetsa, koma mbuzi sizinalakwe. Zoyamwitsa uziziwonjezera madzulo. Chikopa cha Bles usagulitse.

Za ntchito: mwini wake wachira, ayamba mu Disembala. Adona akuti andilembera kalata yabwino ndipo afunsa kwa anzawo. Sabata yatha anati, "Mvula ikadzagwanso chaka chamawa, kodi mkazi wako angatisungireko tsalalo masiku ochepa, titamulipira bwino?" Ndinati akufunse okha, ine za tsala la eni ndasiya kuyankha. Za sukulu ya Rachel tidzakhala pansi tonse awiri, sindiganizanso ndekha m'galaja.

Abusa a kuno ndawafotokozera zonse. Anati Mulungu wamva, koma mbuzi sizinali za Mulungu yekha, ndiyambe ndapita kwa mwini wake. Mgonero ndidzadya kwathu, ngati udzalola kukhala nane pabenchi imodzi.

M'envelopumu muli chithunzi. Tsiku lonse lija adona anajambula chimodzi chokha. Anakupempha kuti uime pachipata uyang'ane kamera, iwe unakana, unapita kukaitana mbuzi. Anajambulabe. Atachitsuka anandipatsa, anati sichipita pakalendala, si chawo. Mbuzi zikuoneka bwino, zakhuta, ina ili ndi duwa pakamwa. Iwe ukuoneka kumsana kokha, mpango wabuluu uja, dzanja lili pawaya.

Ndachiyang'ana kwambiri ndisanachiike. Wandifulatira, ndipo si mlandu wako.

Ndifika mu Disembala pa basi ya Lachisanu. Ndidzatsika pamsewu waukulu, ndidzayenda wapansi, ndipo ndidzazungulira mpaka ndidzaime pamene ungandione.

Mwamuna wako,
Josias